Kondowole m'Rediyeta

Overtoun Longwe anaimva loleyo isanaonekere. Anali atagwada pansi pa mtengo wa mango akuwongola gudumu la njinga, ndipo kulira kwa injiniyo kutamufika m'khutu anaika nyundo pansi. Galimoto yotentha ili ndi kaliridwe kake, kouma, ngati ka munthu woyankhula kukhosi kulibe malovu. Posakhalitsa inatulukira pa msewu wochokera ku Kande, ikukwawa, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti.

Kuyambira ku Chintheche mpaka ku Tukombo makaniko anali iye yekha. Ntchitoyi anaiphunzira ku migodi ya ku Kitwe, ndipo atabwerera kwawo anamanga shedi ya malata akale m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi nyumba ya mlongo wake Estere. Ngakhale polowa pansi pa galimoto sankavula tayi. Ankangomulowetsa mkati mwa ovolosi.

Amene anatsika mu lolemo anali Mizeck, mwamuna wa Estere. Iyeyu kwawo kunali ku Dedza. Anabwera kuno kudzayendetsa lole ya esiteti ya mphira, anapeza banja, koma Chitonga chinamukana. Ndiye awiriwa ankacheza m'Chichewa, wina cha ku Dedza, wina chopindika cha kunyanja.

"Alamu, mwabwera ndi galimoto kapena ndi ketulo?" anafunsa Overtoun.

Mizeck sanaseke. Anapukuta nkhope ndi chipewa, nayang'ana kumsewu kumene wachokera.

"Ikumwa madzi ngati ng'ombe, alamu. Kuyambira dzulo. Ndikathira, pang'ono pokha kamuvi koonetsa kutentha kali pofiira."

Sabata imeneyo loleyo sinali ya esiteti. Chipani chinali chitaibwereka, ndipo masiku amenewo chipani chikabwereka chinthu, mwini wake ndiye ankathokoza. Mtsogoleri wa dziko ankayembekezeka ku Mzuzu. Mizeck anakhala akuzungulira m'midzi kutolera mphatso: nkhuku, usipa wouma, matumba a ufa wa chinangwa. M'mawa mwake anayenera kunyamula amayi ovina a dera lonselo, Estere ali momwemo, kuwakweza zitunda mpaka ku Mzuzu. Ndipo panalibe wosadziwa zimene zinamuonekera dalaivala wina wa ku Kande chaka chathacho. Basi yake inafera pa chitunda amayi ali mkati. Palibe amene anafunsa za injini. Anangoti wachita dala, ndi wogalukira, namutenga pomwepo. Mkazi wake anali asanauzidwebe ndende imene ali.

"Zimitsani, muisiye ipume," anatero Overtoun. "Galimoto yotentha saifunsa mafunso."

Anakankhira loleyo pa mchenga wouma, chifukwa mchenga wouma ndiwo umaulula pamene madzi akugwera. Overtoun anayamba ndi zoopsa, monga ankachitira nthawi zonse, kuti mtima ukhale m'malo. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakayang'anitsitsa padzuwa. Oyilo anali wakuda bwinobwino. Akanakhala ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi yapsa ndipo madzi akulowa mu injini. Anagwedeza fani kuti amve ngati pampu ya madzi yalobodoka. Inali yolimba, ndipo pansi pake panali pouma. Anayenda ndi maso pankhope yonse ya rediyeta kufuna mizere yoyera kapena yobiriwira imene madzi amasiya akamatuluka pobowoka. Sanaione.

Kenako anagona chagada n'kulowa pansi. Anangokhala phee, osagwira kanthu, mpaka dontho linamugwera patsaya. Analilondola ndi chala kukwera m'mwamba, napeza paipi yam'munsi itang'aluka pafupi ndi kachitsulo koimanga. Kamng'alu kake kanali kakafupi ngati chikhadabo.

Anatuluka akuseka.

"Alamu, mwandidzidzimutsa pachabe. Ndi paipi chabe. Tidula pamene pang'alukapo, tikoka, timanga. Mupita kukavinitsa akazi athu mtima uli zii."

Mizeck anagwedeza mutu, koma nkhope yake sinamasuke. Overtoun anaona zimenezo, ndipo poimirira anatsamiza dzanja pa rediyeta, monga mmene munthu amagwirira mphumi ya mwana. Pamwamba panali potentha moti anachotsa dzanja msanga. Anatsitsa pang'ono. Pakati panali pozizira ngati mtsuko. Anasuntha dzanja kumanzere, kumanja, pansi. Konse kunali zii.

Rediyeta yamoyo imafunda thupi lonse. Ikatentha pamutu pokha, ndiye kuti madzi sakuyenda.

Anatenga chiguduli, nakulunga chotsekera, nachipotokola pang'onopang'ono nkhope atayang'ana kumbali. Mpweya unatuluka n'kutha. Ndipo pambuyo pake panatuluka fungo. Silinali la dzimbiri, silinali la mphira wopsa. Linali fungo limene Overtoun analidziwa asanadziwe kuyenda, lowawasa, la chinangwa chovikidwa chikakumana ndi madzi owira.

Anapisamo waya. Potulutsa, wayayo anakoka chinthu chotuwa chonanda, chimene chinatalika osaduka.

"Mizeck." Aka kanali koyamba kumutchula dzina chikwatirire mlongo wake. "Mwathiramo chiyani umu?"

Mizeck anakhala pansi pa tayala lakale.

"Kwathu timatero, alamu. Galimoto ikamadontha uli patchire, umathiramo kadzanja ka mgaiwa. Timadeya tija timapita pobowoka n'kutseka. Ndachitapo kangapo pa msewu wa ku Golomoti, ndinafika bwinobwino."

"Mgaiwa munaupeza kuti ku Tukombo?"

"Kunalibe. Ndiye ndinati ufa ndi ufa. Ndinatinso wa chinangwawu ndiye womata kwambiri, ugwira msanga."

"Munautenga kwa yani?"

Mizeck anangoloza ndi chibwano kumbuyo kwa lole, kumene kunali matumba a mphatso.

"Kadzanja kamodzi?"

"Ndinayamba ndi kamodzi. Sikunasiye kudontha. Ndinawonjezera. Pofika pa Kande ndinawonjezeranso."

Overtoun anapukuta wayayo pa chiguduli, napinda chigudulicho, nachilowetsa m'thumba.

"Zaka zonsezi mukudya kondowole, mukudandaula kuti amakumatani m'mano, simunaganize chimene angachite m'timapaipi topyapyala ngati udzu? Mwaphika, alamu. Mwaphikira mu injini."

"Ndikangowauza zoona," anatero Mizeck. "Ndinalakwitsa, sindinkadziwa. A Mhone, tcheyamani wathu wa chipani, ndi munthu wopemphera."

"Tanenani mokweza mumve mmene zikumvekera. Ndinamasula thumba la mphatso ya mtsogoleri, ndinatapa ufa, ndinathira mu injini ya lole yonyamula amayi. Nenani."



Nthawi yomweyo Estere anatulukira kuseri kwa shedi atasenza dengu la chinangwa chonyowa, chongovuula kumene pa dziwe. Sanayang'ane aliyense. Anangoyankhula ngati akuuza nkhuku.

"A Mhone akubwera. Ali pa kamlatho, akukankha njinga. Ali ndi Enock."

Overtoun anatseka rediyeta. Koma fungo lija linali likadali mumpweya, lolemera, lozungulira lole yonse. Anayang'ana mlongo wake, nayang'ana dengulo.

"Yanika pompano," anatero. "Pafupi ndi tayala."

Estere ananunkhiza kamodzi, nayang'ana mwamuna wake. Anakoka mphasa, nayamba kumwaza chinangwa chija mphuno ya lole ili pamutu pake.

A Fletcher Mhone, tcheyamani wa chipani m'deralo, anali munthu wamfupi, waulemu, woyimba besi kutchalitchi. Sankakweza mawu. Kumbuyo kwawo kunkayenda Enock, chimunthu chachitali cha malaya ofiira a achinyamata a chipani, chimene anthu anali asanachimvepo chikupereka moni.

"Mwe uli, ada Longwe?"

"Nde umampha, kwali imwi?"

Anafunsana za kunyumba, za mvula, za mwendo wa amayi awo a Mhone. Zonsezi m'Chitonga. Kenako a Mhone anatsamiritsa njinga pamtengo, nakhala pa benchi, nayamba Chichewa. Anthu a kumeneko ankadziwa kuti a Mhone akasintha chiyankhulo, woyankhulayo salinso mnansi.

"Ndamva kuti lole yathu yadutsa pa Kande ikufuka."

"Paipi yang'aluka, a tcheyamani. Bwerani muone."

A Mhone anawerama, nayang'ana pamene chala cha Overtoun chinaloza. Akudzuka anaima pang'ono, mphuno ili m'mwamba.

"Kondowole wanu ndi wamphamvu chaka chino, ama," anatero kwa Estere.

"Wakhalitsa m'madzi," anayankha Estere osadzutsa mutu.

"Akununkha ngati wapsa kale." Anaseka pang'ono, nabwerera pa benchi. Enock sanakhale. Anazungulira loleyo, namenya tayala ndi nsapato, naima pafupi ndi boneti, dzanja lake lili pamwamba penipeni pa chotsekera.

"Ada Longwe, ndikufuna mawu amodzi," anatero a Mhone. "Ine sindidziwa za magalimoto. Ndimadziwa kuti mawa amayi ovina a dera langa akapanda kuoneka pa bwalo, adzafunsa ine. Ndili ndi ana, monga mukudziwa. Ngati ndi paipi yokha, konzani, ndipite ndikagone. Ngati pali china, ngati chigayo cha madzichi chafa..."

"Rediyeta."

"Chimenecho. Ngati chafa, nenani tsopano dzuwa likadalipo, ndikapemphe thirakitala kwina. Koma mukatero musagwirenso kanthu. Enock akhala pano. Ndituma uthenga ku boma, abwere ndi makaniko wawo, atsegule okha aone chimene chapha galimoto imene sabata yatha inali yamoyo. Anatiuza kuti tizitero. Akuti kuno kwathu kuno zinthu zimafa pa nthawi yake yosankha."

Ananena zimenezi akuyang'ana Mizeck, mwachifundo ndithu.

Overtoun anayang'ana rediyeta ija. Inali yakale, ya mkuwa, yobiriwira m'makona. Akanafunsidwa ndi mzungu wa ku esiteti, akanayankha osaphethira: iyi yatha, itanitsani yatsopano ku Blantyre. M'moyo wake anali asanauzepo munthu kuti galimoto ifika pamene mtima wake ukukayika. Ku Kitwe ankamudziwa ndi zimenezo. Koma yankho loona linali ndi makaniko wa ku boma kumbuyo kwake, ndi waya m'manja, ndi mphuno.

Zala za Enock zinali zikuseweretsa chotsekera chija.

"Chikadali chotentha icho, Enock, chikusupula," anatero Overtoun. Kenako anatembenukira kwa a Mhone. "Rediyeta ndi yokalamba koma ndi yamoyo. Ndiichotsa, ndiitsuka, ndiibwezera. Ifika."

"Ifika ku Mzuzu?"

"Ifika."

"Enock, wamva? Ada Longwe akuti ifika." A Mhone anaimirira, napukuta kumbuyo kwa buluku. Anabwerera ku Chitonga potsanzika, nathokoza kwambiri, nafunira Estere kuvina kwabwino. Enock anatsalira pang'ono, akuyang'ana chinangwa cha pamphasa, kenako anatsatira.

Atazimiririka, Mizeck anafuna kuyankhula.

"Sipanala," anatero Overtoun.

Anamasula rediyeta, naikokera kuseri kwa shedi kumene odutsa mumsewu sakanaona. Inali yolemera kuposa mmene imayenera kukhalira. Overtoun anayatsa nyali yowotcherera ya palafini, nayendetsa lawi m'mphepete mwa thanki yapamwamba mpaka mtovu unasungunuka n'kuyamba kugwa ngati misozi. Atanyamula thankiyo, onse atatu anasuzumira. Mkati monse munali phala lotuwa, lolimba, losalala pamwamba, ndipo kukamwa kwa kapaipi kalikonse kunali kotsekeka.

"Ine sindinaphikepo wosalala chonchi," anatero Estere. Palibe anaseka, ngakhale iye mwini.

Overtoun anatenga sipoko ya njinga, naisula ndi nyundo mpaka inaphwatalala ngati tsamba la udzu. Ndi imeneyo anayamba kutokosa timapaipi tija, kamodzikamodzi, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Estere ankabweretsa madzi otentha a phulusa, Mizeck n'kumathira. Kena kankatseguka, phala n'kutuluka kunsi ngati nyongolotsi. Kena kankakana. Ndipo kena, mkuwa wake utadyeka ndi zaka, kankangoti phwa, sipoko n'kutulukira m'mbali. Koteroko Overtoun ankakafinya ndi pulayala, n'kukatseka ndi mtovu pamwamba ndi pansi. Kakatsekedwa sikadontha, koma sikanyamulanso madzi. Ankadziwa kuti kalikonse kamene watseka ndi mpweya umene loleyo idzausowe pa chitunda.

Nkhuku zinabwera kudzajompha phala lija. Estere anazithamangitsa, nakokolola lonse ndi khasu, nakalikwirira pansi pa nthochi. Anatsukanso pamchenga pamene panagwera madzi. Overtoun anatsuka injini nayo, kuthira ndi kukhutula, kuthira ndi kukhutula, mpaka madzi otuluka anali ofiirira ndi dzimbiri basi, opanda fungo. Chiguduli cha m'thumba chija anachiponya pamoto.

Dzuwa litapendeka anawotcherera thanki ija, nabwezera rediyeta m'malo mwake, nadula paipi yong'aluka n'kuimanga. Anakwera onse awiri kukayesa. Pa msewu wosalala wopita ku Bandawe kamuvi kanakhala pakati, osagwedezeka. Mizeck anayamba kuimba mluzu.

"Alamu, manja anuwa! Ndidzakugulirani tayi wina."

"Khoterani uku, kwerani kamtunda ka kusukulu."

Kanali kamtunda koti mwana amakwera akuthamanga. Asanafike pamwamba, kamuvi kanali katasuntha. Pang'ono pokha, koma Overtoun anakaona. Atatsika anagwiranso nkhope ya rediyeta. Mbali zina zinali zofunda. Pakati panali mizere yozizira, yotakata ngati chikhatho.

"Yatha iyi," anatero motsitsa mawu. "Ikufunika yatsopano. Ikanakhala yopita ku Nkhata Bay yopanda katundu, bwenzi ndikuti yesani. Koma amayi odzaza, ng'oma, matumba, zitunda za kuseri kwa Mpamba..."

"Nanga bwanji munawauza kuti ifika?"

"Mukanakonda aitsegule okha?"

Mizeck anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ndiye ikafera pa chitunda ndi chimodzimodzi. Anditenga ngati wa ku Kande uja."

"Mwina ifika. Tichotsa zitsulo za m'mbali mwa boneti kuti mphepo izilowa. Tinyamula mgolo wa madzi. Tinyamuka kukadali kozizira. Mukamakwera musaikakamize, giya yaing'ono, osathamanga, ngakhale akukuwireni." Anakonza tayi. "Ndipita nanu."

"Inu simunaitanidwe, alamu. Musadziike m'zimenezi."

"Ndadziika kale. Simunamve a Mhone akuuza Enock?"

M'mawa mwake amayi anasonkhana pa bwalo la sukulu atavala nsalu zofanana. Anakwera akuseka, akukankhana, ena ndi ana kumbuyo. Anali ambiri kuposa mmene Overtoun ankaganizira, ndipo masipuling'i a lole anawongoka. A Mhone anakhala kutsogolo pakati pa Mizeck ndi Overtoun. Enock anaima kumbuyo, pafupi ndi mgolo wa madzi. Estere pokwera anagwira mkono wa mchimwene wake, nautaya.

Anawoloka Luweya kamuvi kali pakati. Anadutsa m'mitengo ya mphira, mumthunzi, amayi akuyeserera nyimbo. Pa Mpamba Overtoun anaimitsa, nadikira, nawonjezera madzi. A Mhone anayang'ana dzuwa.

"Magalimoto a anzathu akutipitirira, ada Longwe."

"Tiwapeza, a tcheyamani."

Kenako msewu unayamba kukwera. Chitunda choyamba anachimaliza kamuvi katangopitirira pakati. Potsetsereka kanabwerera pang'ono, ndipo Overtoun analola mtima wake kuyembekeza. Chachiwiri chinali chachitali, chokhotakhota, chopanda mthunzi. Injini inayamba kulira mouma. Kamuvi kanakwera osabwerera. Mizeck anali thukuta lokhalokha, milomo ikuyenda.

"Pondani, a dalaivala," anatero a Mhone. "Njinga yanga ikanafika kale."

"Musaponde," anatero Overtoun.

"Ndani akuyendetsa msonkhanowu, ada Longwe?"

Mizeck anaponda pang'ono. Mwina sizinasinthe kanthu. Mwina ikanaphulikabe pa khona lotsatira. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu walavula, kenako nthunzi inaphimba galasi lonse. Mizeck anazimitsa injini, nakoka buleki. Kumbuyo nyimbo inaduka pakati pa mawu. Panatsala kulira kwa madzi ogwera pa chitsulo chotentha, ndi mwana mmodzi amene anayamba kulira.

Malole awiri anawadutsa, amayi ake akuimba, ena akuwabayibitsa. Yachitatu inali Landirova yobiriwira. Imeneyo sinadutse. Inaima kumbuyo kwawo, ndipo munatuluka amuna awiri a ku boma ovala majekete, nsapato zawo zopukutidwa bwino.

A Mhone anatsika msanga, chipewa chili m'manja. Enock anali atalumpha kale, ndipo anatsegula chitseko cha dalaivala, nagwira Mizeck pamkono pamwamba pa chigongono.

"Dalaivala ndi ameneyu?" anafunsa wamkulu mwa awiriwo. "Kwanu n'kuti?"

Overtoun anali atafika kale kutsogolo. Anakweza boneti ndi chiguduli, nadikira kuti nthunzi ichepe. Anaona pamene paphulika: mzere wa mtovu watsopano, wowala, utang'ambika m'mphepete mwa thanki.

"Mabwana, tabwerani muone," anatero. Mawu ake anatuluka bwinobwino, ndipo iye mwini anadabwa. "Dalaivala alibe chifukwa. Iye anabweretsa galimoto kwa ine dzulo ikudontha paipi. Amene anatsegula rediyeta ndine. Mtovu uwu ndi wanga. Mukuona mmene ukuwalira?"

Munthuyo anawerama. Anayendetsa chala pa mng'aluwo, nachiyang'ana, nachinunkhiza. Chinali ndi madzi a dzimbiri basi.

"Inu ndinu ndani?"

"Longwe. Makaniko."

"Munaphunzira kuti umakanikowo?"

"Ku Kitwe."

"Ku Zambia," anatero munthuyo kwa mnzake, ngati akumupatsira kanthu. Anatembenukira kwa a Mhone. "A tcheyamani, munkadziwa kuti galimoto ili chonchi?"

A Mhone sanayang'ane Overtoun. Chipewa chinkazungulira m'manja mwawo.

"Ndinafunsa, bwana. Ndinati ngati yafa nenani, ndipeze ina. Anandiuza kuti ifika. Enock analipo."

"Zoona zimenezo, a Longwe?"

"Zoona."

"Munkadziwa kuti singafike?"

Overtoun anayang'ana m'mwamba mwa lole. Amayi onse anali ataima, atagwira zitsulo za m'mbali, ndipo pakati pawo panali Estere, nsalu ataikokera pakamwa.

"Ndinkaganiza kuti mwina ifika," anatero.

"Mwina." Munthuyo anagwedeza mutu. "Tiyeni mukatifotokozere bwino za mwina ameneyu."

Enock anataya mkono wa Mizeck, nazungulira kubwera mbali inayo. Sanafunikire kugwira mwamphamvu. Overtoun anapukuta manja, nakonza tayi, nayamba kuyenda yekha. Podutsa pa chitseko cha dalaivala, Mizeck anatsika ngati akufuna kutsekereza njira.

"Mabwana, ine ndi amene..."

"Alamu," anamudula Overtoun, mokweza, ngati mmene amakalipira munthu wogwira sipanala molakwika. "Musathiremo madzi ozizira isanapole, mung'alula injini. Mukafika ku esiteti muwauze kuti rediyeta ikufunika yatsopano. Asayesenso kuwotcherera. Mwamva?"

Mizeck anayang'ana amuna a majekete aja.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

Munthu wa jekete uja anakuwira amayi kuti atsike ayambe kuyenda, galimoto ina iwapeza kutsogolo. Anatsika mmodzimmodzi, nayamba kukwera chitunda m'mphepete mwa msewu. "Mukuyenda ngati mukupita kumaliro bwanji? Imbani!" A Mhone ndiwo anayambitsa, ndi besi yawo ija, ndipo amayi anavomera.

Landirova inatembenuka, nkhope kuloza kumunsi kumene anachokera. Overtoun anakhala pa benchi yachitsulo kumbuyo, Enock pambali pake. Pa kawindo ka fumbi anaona mzere wa nsalu zofanana ukukwera, ndipo mmodzi yekha anali atatembenuka. Anaonanso lole, boneti ili yasa, ikufukabe pang'ono. Pambali pake panaima Mizeck, manja ali lende. Overtoun anamuyang'anitsitsa mpaka msewu unakhota, kuti atsimikize. Anali yekha, ndipo panalibe womugwira mkono.